Tulo ta Jamali

Balaka,
6 Seputembala 2023

Okondedwa achimwene a Bakali,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Nayuchi. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula miyendo imene ikutupa chifukwa choima tsiku lonse pa moto wa lesitilanti.

Munandiuza kuti nkhani za mwana wanga Jamali tisamazikambe pa foni, poti pa chulu pamene mumakagwirira netiweki paja anthu amatchera khutu. Ndamva. Ndiye ndizilemba, a Dalesi ogulitsa matemba aja avomera kuti azitinyamulira makalata pa sitima.

Mu jumbo muno muli botolo la mankhwala ake a mutu, okwanira miyezi iwiri. Adokotala anati piritsi limodzi madzulo akatha kudya, basi. Azimwa madzi ambiri, ndipo asamakhalitse padzuwa.

Mukudziwa kuti sindinamusiye kwa inu chifukwa chotopa naye. Chipinda chimene abwana anandipatsa kuseri kwa lesitilanti nchoti ukagona miyendo imagunda chitseko. Mnyamata wandevu angagone bwanji mmenemo ndi mayi ake? Komanso tsiku limene amatuluka m'chipatala cha odwala maganizo adokotala anatilangiza kuti akhale pamalo pamene anazolowera, azigwira kantchito. Pakhomo pa malemu amayi mpamene anabadwira, ndipo inu ndinu amjomba ake. Mupatseni maukonde azisoka, kapena mawailesi a anthu azikonza. Dzanja lake mukulidziwa.

Akayamba kuimba osafuna kugona, chonde musamukalipire. Chiyambire matendawa sanamenyepo munthu.

Ndaikamonso nsalu ya mwana wanu Habiba. Muuzeni kuti azakhali ake asangalala kumva kuti akukwatiwa. Kodi tsiku mwagwirizana? Nanga mwamunayo ndi mwana wa ndani? Ndilembereni zonse, osasiya za Jamali: akudya bwanji, akugona bwanji, akundifunsa kapena iyayi.

Ine mlongo wanu,
Zaituni

Nayuchi,
15 Seputembala 2023

Chemwali Zaituni,

Waleikum salaam. Kalata yanu ndalandira ndipo katundu yense wafika. Ife tilipo, ngakhale madzi a m'nyanja ya Chiuta akuphwa ndipo nsomba zikuvuta. Habiba wathokoza nsaluyo, wapita nayo kale kwa telala.

Nikah, mwambo womanga ukwatiwo, ili pa 21 Okutobala. Mwamunayo ndi Ismail, mwana wa a Hassani a chigayo ndi golosale kutsidya kwa malire. Ndi anthu aulemu wawo, ndipo amafufuza kwambiri za mtundu umene mwana wawo akulowamo. Mwayi wotere sugogoda kawiri pakhomo pa msodzi ngati ine.

Tsopano za mwana wanu. Masiku oyamba anali bwino ndithu, anakonza wailesi ya a shehe mpaka anamuyamikira. Koma Lachisanu lapitali, titatuluka mu mzikiti, anakwera pa ngolo ya anthu n'kuyamba kulengeza kuti sitima ikubwera kudzanyamula nyanja yathu kupita nayo ku Nacala, aliyense abise bwato lake. Anthu anaseka, ana anamutsata mpaka pakhomo akumuimba. Ine, munthu amene ndimakhala mzere wakutsogolo poswali, ndinangoyang'ana pansi. Mwayi wake a Hassani tsikulo anaswalira kwawo.

Chakudya akukana, akuti tikumuthirira zinthu. Alamu anu akamupatsa amakatayira nkhuku. Amangolandira cha m'manja mwa Habiba, akuti msuweni wake yekha ndiye sangamupereke.

Chemwali, ndikupempheni. Kodi simungamutenge mpaka ukwati utadutsa? Anthu aja akamva kuti pakhomo pano pali misala adzati ndi ya kumtundu, ndipo mwana wanga adzakhala ndi nsalu yosokedwa popanda mwamuna. Mukaganizire bwino. Ngati mungathe mutithandizeko kangachepe pa mpunga ndi shuga, alendo adzachuluka.

Ndine mlongo wanu,
Bakali

Balaka,
22 Seputembala 2023

Achimwene,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ndaiwerenga mobwereza, ndipo za pa mzikiti zandiwawa monga zinakuwawirani inu. Pepani kwambiri.

Ndinapita kwa abwana kukapempha kuti Jamali adzakhale nane mpaka ukwati utadutsa. Anandiyankha osandiyang'ana n'komwe, kuti makasitomala sangadye pamalo pamene pali wamisala, ndipo ngati ndikufuna nditha kuchoka naye limodzi. Ntchito ikanditayika tidya chiyani, ndipo ku chipatala ndizipita naye bwanji?

Pirirani, achimwene. Zimenezi zimabwera ngati mwera, zimawomba kenako zimaleka. Chachikulu musamudumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi, poti ndi amene amamugwira. Zikapitirira mupite naye pa chipatala chaching'ono cha kwathuko akamuone.

Mpunga sindinakwanitse, koma shuga ndi mafuta ophikira ndapatsira a Dalesi. Tchuthi cha ukwati andilola. Ndidzafika msanga kuti ndithandize kuphika, ndipo pa tsikulo Jamali ndidzakhala naye ine kuyambira m'mawa mpaka alendo atapita. Ine amandimvera. Inu musadzavutike ndi kanthu.

Mundithokozere Habiba chifukwa chomudyetsa msuweni wake. Mulungu adzamubwezera m'banja lake.

Zaituni

Nayuchi,
6 Okutobala 2023

Chemwali,

Tonse tili bwino. Shuga ndi mafuta zafika, zikomo.

Jamali wakhazikika tsopano. Sakuimba, sakuyendayenda, nthawi zambiri akugona. Akadzuka amayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba, manja akunjenjemera, koma bola zimenezo kusiyana ndi kukwera pa ngolo za eni.

Ukwati wasunthidwa. A Hassani akudikira abale awo ochokera ku Cuamba, ndiye mwina ukhala mu Novembala. Tchuthi chanucho musachiwononge pachabe, tsiku likadziwika ndikuuzani.

Botolo la mankhwala lija linagwera mu mtsuko wa madzi, ambiri anasungunuka. Mutumize lina mwachangu ndi a Dalesi.

Bakali

Balaka,
12 Okutobala 2023

Achimwene a Bakali,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ine mtima wanga suli m'malo.

Ndinapita ku chipatala kukapempha botolo lina. Anamwino anakana, akuti mankhwala amenewa sapereka mwini wake asanaonedwe. Nditawauza zoti akuyenda ngati nkhalamba ndiponso manja akunjenjemera, anasiya zimene amachita n'kundifunsa kuti akumwa angati. Ndinati limodzi madzulo. Iwo anati ngati zili choncho mankhwalawo akumukulira, apite ku chipatala akamuone sabata yomwe ino, asadikire. Chonde achimwene, mupite naye. Ndi pafupi, pa njinga mufika.

Ndakuimbirani foni kambirimbiri, imangolira. Sindikufuna kukamba nkhani zimene munaletsa zija, ndikungofuna ndimve mawu ake, anene kuti amayi ndilipo. A Dalesi pobweretsa kalata yanu anandiuza kuti papita nthawi asanamuone pa dooko la mabwato, chonsecho mwana uja dooko ndiye kwawo.

Sabata ino a Dalesi sanabwere, akuti mwana wawo wadwala, ndiye kalatayi ndapatsira mayi wina wa tomato amene akuti amakudziwani. Mukapanda kuyankha, mapeto a mwezi ndibwera ndekha, ukwati usunthidwe kapena usasunthidwe.

Mlongo wanu,
Zaituni

Ku chipatala cha boma,
29 Okutobala 2023

A Bakali,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mmene anatilerera amayi. Ndikulemba nditakhala pansi pa simenti, pambali pa bedi la mwana wanga.

Lachitatu a Dalesi atatsika sitima sanatulutse kalata. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani ndi matenda. Ndiye pa ukwati sitinakuoneni bwanji?" Ndinawafunsa kuti ukwati wake uti, matenda ake ati. Kenako anati, "Habiba anakwatiwa Loweruka. Mwana wanu anamunyamula pa ambulansi mawa lake. Ine ndimayesa mukudziwa." Ndinasiya mphika wa nyemba pa moto, ndinakwera minibasi ndi chitenje cha kukhitchini chomwecho.

Ndinamupeza pa bedi lakumapeto, ali yekha. Womudikirira panalibe. Mkazi wa wodwala wa bedi loyandikana ndi amene ankamupukuta pakamwa chifukwa cha chisoni. Poyamba sindinamuzindikire. Maso ali tong'o kudenga, nsagwada zomangana, dovu likutsika m'khosi, zovala zili nyowe ndi thukuta. Nditamugwira pamphumi zinali ngati ndagwira lata la masana. Ndinafuna kumuvula malaya, koma mkono unakana kupindika, unali gwa ngati mpini wa khasu. Mkodzo wa m'thumba la pansi pa bedi unali wakuda ngati tiyi wochuluka masamba. Ndinamuitana dzina, ndinamuitana dzina la paubwana lija, sanaphethire.

Masana kunabwera dokotala wachizimayi, anzake amangomutchula kuti a Kumbu. Anandifunsa kuti ndine ndani.

Ndinati, "Ndine mayi ake."

"Ali ndi mayi?" anafunsa motero akuyang'ana pa pepala. "Bambo amene anabwera naye anati ndi waganyu wawo, kwawo sakudziwako."

Achimwene, mawu amenewo ndinawameza chifukwa nthawi yolira panalibe.

Anandifotokozera kuti mnyamatayu wawazunguza mitu. Malungo anayeza mobwereza, sanawapeze. Anatenga madzi a kumsana poganizira matenda oumitsa khosi, madziwo anatuluka oyera. Anafufuza bala thupi lonse poganizira kafumbata, bala panalibe. Chimene anapeza ndi mikwingwirima ya chingwe mu akakolo, ndi zotupa m'matako monse muwiri. Mankhwala opha tizilombo ankamubaya, koma kutentha kumangokwera.

Kenako anafunsa kuti, "Amayi, pali mankhwala ena alionse amene mwana wanu amamwa? Tinauzidwa kuti samwa kanthu ndipo sanadwalepo."

Ndinati, "Iyayi adokotala, mwana wanga amadwala maganizo. Amamwa haloperido, piritsi limodzi madzulo."

Anasiya kulemba. Anaika cholembera m'thumba, n'kugwira mkono wa Jamali, kuupinda pang'onopang'ono, kuuwongola, kuupindanso. Anachita chimodzimodzi ndi mwendo. Anamvetsera mtima umene unkathamanga ngati wa mbalame, anayang'ananso thumba la mkodzo lija. Anaitana anzake ndipo anayankhulana Chingelezi mofulumira. Atatha anakhala pa bedi n'kundiuza m'Chichewa kuti ndimve bwino.

"Mankhwala amenewa ndi abwino, athandiza anthu ambiri. Koma mwa anthu ena ochepa thupi limawaukira, makamaka akachulutsidwa mwadzidzidzi, munthuyo ali pamalo otentha ndipo sakumwa madzi. Thupi limatentha popanda malungo, minofu imauma n'kuyamba kuphwanyika, zophwanyikazo zimakatseka impso. Mkodzo wakudawu ndi minofu yake. Matenda amenewa amapha, amayi, sindikubisirani. Piritsi limodzi lingathe kuchita zimenezi, koma zotupa za m'matakozi zikundiuza kuti wina anamubaya."

Anandiuzanso kuti dzulo lake, Jamali atayamba kubuula ndi kugwedeza dilipi, anaganizapo zomubaya mankhwala oti akhazikike, a mtundu womwewo umene ukumuphawu. Anadziletsa chifukwa cha kutentha kwa thupi. Bodza lanu likanamumaliza ndi dzanja la anthu amene amafuna kumupulumutsa.

Tsopano mankhwala a mutu aletsa onse. Madilipi akulowa motsatizana, phala likudutsa pa paipi ya m'mphuno, ine ntchito yanga ndi kunyowetsa zitenje n'kumamufunditsa, fani ikuwomba. Kutentha sikunatsike kwenikweni. Impso akuti ayezanso mawa.

Za ukwati umene munandinamiza kuti wasunthidwa tidzakamba tsiku lina, ngati lidzakhalepo. Lero ndikufuna chinthu chimodzi. Adokotala akufuna kudziwa kuti ankamwa mapiritsi angati, ndipo jekeseni anali wanji, anamubaya ndani, liti. Akuti ngati ndi jekeseni uja wokhalitsa m'thupi, ulendo wathu ndi wautali. Yankhani zoona ndi sitima yomwe ino. A Dalesi ndawapempha kuti asachoke pakhomo panu opanda yankho.

Zaituni

Nayuchi,
2 Novembala 2023

Chemwali Zaituni,

Asalamu aleikum. Tikupanga duwa, kupemphera tsiku ndi tsiku kuti Allah amuchiritse. A Dalesi akhala pa khonde pano ngati wapolisi, ndiye ndikulemba mothamanga.

Mwafunsa zoona, nazi. Piritsi limodzi lija silinkamugwira. Ndinawonjezera, lina m'mawa, kenako lina masana, kenako awiriawiri. Ndinkawapera n'kuthira mu thobwa, Habiba n'kukamupatsa, poti wina aliyense ankamukana. Botolo silinagwere mu mtsuko, linatha. Inu nomwe munalemba kuti mankhwala ndi amene amamugwira. Ine si dokotala, ndinangoona kuti akamwa ambiri pakhomo pamakhala bata.

Mapiritsi atatha inu simunatumize ena. Anayambanso kung'ung'udza, ukwati uli pafupi. Ndinapita kwa munthu uja amabwera pa njinga yamoto tsiku la msika, amene amabaya anthu jekeseni wa nyamakazi. Anamubaya sabata imodzi ukwati usanachitike, n'kudzabwereza Lachinayi la sabata ya ukwatiyo. Anati ndi wa mwezi wathunthu, wofanana ndi wa ku chipatala. Dzina lake la jekeseniyo sindikulidziwa, timabotolo tinataya m'chimbudzi, ndipo munthuyo chimvereni za ambulansi sanaonekenso pa msika. Mukanatumiza botolo lija sindikanapita kwa iye. Kalata yanu yonena za anamwino inandipeza ukwati utatha, mayi wa tomato uja anaiiwala m'dengu.

Tinamugoneka m'kanyumba ka malata kosungiramo maukonde chifukwa m'nyumba munadzaza alendo. Chingwe chinali choti asagwe pa mphasa n'kudzivulaza. Atatentha thupi ndinamugulira mankhwala a malungo. Alendo atangochoka ndinamunyamula ndekha pa njinga kupita naye pa chipatala chaching'ono. Munthu wofuna kupha mwana amachita zimenezo?

Mukundiweruza muli ku tauni. Pamene ana ankamuimba nyimbo pamsewu munali kuti? Pamene alamu anu ankagona ndi mantha munali kuti? Ndinakupemphani kuti mumutenge, munasankha ntchito. Inenso ndili ndi mwana, ndinasankha mwana wanga.

Chotsala ndi ichi, ndipo mundimvetse. A Hassani anamva mphekesera za pa mzikiti paja. Ndinawauza kuti ameneyo anali waganyu amene ndinamusunga mwachifundo, ndipo kuti mwana wa mlongo wanga ali ku Joni, amagwira ntchito m'shopu. Nchifukwa chake sindikanalola kuti mubwere kudzamulera pamaso pawo, nchifukwa chakenso ku chipatala sindinathe kusintha mawu, poti dalaivala wa ambulansi ndi mnansi wawo. Ismail akumanga nyumba pakhomo pano, azikhala nafe. Jamali akachira, Inshallah, mumufunire malo komweko, asabwere kuno kwa zaka zingapo. Ndipo za munthu wa jekeseni zisafike ku polisi, zingatitengere tonse kutali. Banja la Habiba likadali lanthete.

Ndine mlongo wanu,
Bakali

Balaka,
24 Novembala 2023

A Bakali,

Mwana wanga ali moyo. Mwina mumafuna kudziwa.

Zimene munalemba za jekeseni ndinawawerengera a Kumbu. Anangopukusa mutu n'kunena kuti tikonzeke kukhalitsa. Tinakhalitsadi. Kutentha kunkatsika lero, mawa kwakwera. Impso zinatsala pang'ono kuima, mpaka anayamba kukamba zotitumiza ku Blantyre, koma mkodzo unayamba kuyera pang'onopang'ono. Tsiku lina m'mawa ndikumupukuta, zala zake zinagwira chitenje changa. Mawu ake oyamba anali akuti madzi.

Ndinathamanga kukatunga m'kapu. Nditafika nayo pakamwa pake anatseka milomo n'kundiyang'ana. Anati, "Yambani mwamwa inu." Ine mayi ake, amene ndinamuyamwitsa. Ndinamwa akuona, ndiye anamwa. Mpaka lero ndi mmene tikudyera. Chimenechi ndiye mwandilanda, achimwene, ndipo sindikudziwa ngati chidzabwerera.

Ntchito inatha, abwana analemba wina sabata yomwe ndinachoka. Tikukhala kwa mnzanga wina kuseri kwa depoti, ndikukazinga zitumbuwa. Jamali akuyenda ndi ndodo, miyendo yatsala mafupa. Ku polisi sindinapite, koma a chipatala analemba lipoti lawo ndipo sindinawaletse.

Amayi pomwalira anakusiyirani mbumba kuti muiyang'anire. Inu mwana wa mbumba yanu mwamutcha waganyu, ndipo mukumuthamangitsa pa dothi la agogo ake kuti mukhazikepo mkamwini. Sindikuyankhani pa zimenezo. Jamali mwini wake anaona kalata yanu ndikuipinda, anapempha kuti awerenge, ndinamupatsa. Ndi wamkulu. Akuti dzanja likasiya kunjenjemera akulemberani yekha.

Zaituni

Balaka,
18 Disembala 2023

Amjomba,

Asalamu aleikum. Muli bwanji pamodzi ndi azakhali? Mvula yagwa kumeneko? Pepani ndi zilembo zokhotakhota, dzanja silinabwerere bwino.

Kalata imene munalembera amayi ndinawerenga. Pali zina zimene simukuzidziwa, ndiye ndati ndikuuzeni.

M'kanyumba muja sindinkagona. Thupi ndi limene linatsekeka, koma makutu ankamva zonse. Ndinkamva malata akulira ndi dzuwa. Ndinkamva azimayi akutunga madzi pa mjigo, ndipo ndinkawaitana, koma lilime linali ngati chikuni. Tsiku la ukwati ndinamva nyimbo za sikiri, ndinamva mpunga ukununkhira, ndinamva a shehe akuwerenga. Mayi wina wa mawu achilendo anaima pafupi ndi chitseko n'kufunsa kuti akubuula mmenemu ndani. Munayankha inu, amjomba. Munati, "Musadandaule, ndi kamnyamata kaganyu, kadwala malungo, kakugona." Mawu anu ndimawadziwa kuyambira pamene munkandiphunzitsa kupalasa bwato. Ndinayesa kukuwa kuti ndine Jamali, koma panangotuluka dovu.

M'mawa wa tsikulo Habiba analowa atavala kale zaukwati, ndinamudziwa ndi fungo la perefyumu. Anandithira madzi pakamwa koma anangotayikira m'khosi. Analira, n'kunena kuti, "Pirira, msuweni, mawa zonse zitha, sitikupatsanso." Ndiye kuti ankadziwa chimene chinali mu thobwa muja. Mumuuze kuti ndinamva. Sindikumufunira choipa m'banja lake, koma mumuuze kuti ndinamva.

Matenda ndili nawo, sindikana. Za pa ngolo zija amayi anandifotokozera ndipo ndinachita manyazi, pepani pa zimenezo. Sabata yatha adokotala andiyambitsa mankhwala ena, a mtundu wina, pang'ono kwambiri. Anandiuza kuti thupi likangotentha kapena khosi likayamba kuuma ndithamangire kwa iwo tsiku lomwelo. Ndikaona piritsi mtima umagunda, koma ndimamwa, chifukwa sindikufuna kubwereranso pa ngolo. Botolo ndimasunga ndekha, ndimatsegula ndekha.

Mwapempha kuti ndisabwere kumudzi. Ndaganizira, ndipo yankho langa ndi iyayi. Kumeneko nkwathu, manda a agogo ali kumeneko, ndipo kuno tikugona pa khonde la eni. Chaka chikangoyamba ine ndi amayi tikwera sitima. Sitidzabwera mobisala, tidzatsika masana ndipo tidzadutsa pa msika. Sindidzachita phokoso, sindidzaimba, sindidzatukwana munthu. Ndikadzamupeza Ismail pakhomo ndidzamupatsa moni mwaulemu monga mlamu wanga. Ndidzamuuza kuti ndine Jamali, mwana wa a Zaituni, ndimadwala maganizo ndipo ndikumwa mankhwala, ganyu pakhomo pano sindinagwirepo, ndipo ku Joni sindinapondeko.

Zotsalazo mudzamufotokozera nokha.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Jamali